Chitseko cha Apongozi

"Ndiye inu munangoima n'kumaonerera? Mwamuna wachilendo kulowa m'chipinda momwe mwagona amayi anga, inu chilili pakhonde?"

"Tsitsani mawu, amake Leticia. Apongozi akumva."

"Amve. Si iwo amene aonedwa ndi mlendo atafunda chitenje chimodzi?"

Rosina anali asanatule n'komwe dengu la nsawa zotsala kumsika. Nkhaniyo anailandirira panjira kwa mayi woyandikana naye, kuti a Shawa, eni nyumba imene banjali limachita lendi ku Kapata, anabwera masana ndi bambo wina womanga tayi n'kumuyendetsa m'nyumba monse, chipinda ndi chipinda, osagogoda. Mwamuna wake, Abednego Chulu, anali khale pakhonde akupala simenti youma pa mpeni wake womangira, maso ali pansi.

"Sanakhalitse," anatero Abednego. "Amangofuna kuona chimbudzi."

"Chimbudzi chake chiti?"

"Cha m'chipinda cha apongozi."

"Anamanga ndani?"

Abednego anapitiriza kupala. Munthuyu ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo nthenda yake ndi imodzi: maso akaona mng'alu pakhoma, manja amayamba kuyabwa, kaya khomalo ndi la yani.

"Ndikufunsani, atate ake Leticia. Anamanga ndani?"

"Ndine. Nanga apongozi akanamakwawa mpaka kuseri?"

"Sindikukana. Tsopano ndiuzeni zimene a Shawa anena potuluka, chifukwa nkhope yanuyo ikuonetsa kuti anena kanthu."

"Ati tipeze kwina. Pakutha pa mwezi."

"Mwezi uti?"

"Uno."

Dengu linatsika lokha. "Lero ndi pa sikisitini Novembala. Mvula ili pakhomo. Inu mwawayankha chiyani?"

"Ndati chabwino, bambo."

Rosina anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Anavundikira ndowa n'kukhalapo moyang'anizana naye.

"Chabwino bambo. Ku Mchini munathira simenti pansi, nyumba itangowala anatitulutsa, inu chabwino bambo. Ku Magazine munakhoma malata atsopano, mwini wake ataona kuti sikudonthanso anakumbukira kuti ali ndi mphwake wofuna nyumba, inu chabwino bambo. Kuno tinapeza chiyani? Khola la mbuzi. Mwaika pulasitala, mwaika mawindo, mwapala zitseko za mlombwa. Kodi ife ntchito yathu ndi kufungatira mazira a eni, anapiye akaswa tizithamangitsidwa?"

"A Shawa si munthu wamba kwa ife. Ndi wapampando wa mphakati wathu kutchalitchi. Anatiimira umboni podalitsa ukwati."

"Umboni umenewo ndi denga?"

M'nyumba munamveka chifuwa. Abednego anaika mpeni pansi, analowa, n'kukanjuta pambali pa chitseko chotseka cha chipinda chaching'ono. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwaswera bwanji m'nyumbamo?"

"Taswera, bambo," anayankha mawu olemera lilime kuseri kwa chitseko.

Amenewo anali a Sesiliya, mayi ake a Rosina. Anawatenga ku Chiparamba sitiroko itawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere, kuti akhale pafupi ndi chipatala kumene amakawongola ziwalo kawiri pa sabata. Zaka pafupifupi makumi awiri zaukwati, Abednego anali asanawayang'anepo kumaso, monga mwambo wa apongozi umanenera kwawo. Moni unkadutsa pa thabwa. Ndiye munthu wotere, wosatha kuima yekha, umunyamule nthawi ya mvula kupita kukomboni kumene mabanja anayi amalimbirana chimbudzi chimodzi chokumba? Rosina akaganiza zimenezi mutu unkachita kuwira.

M'mawa mwake sanapite kumsika. Anamanga chitenje cha mpingo n'kulunjika kwa a Shawa. A Whiteson Shawa anaphunzitsa ana a anthu zaka zambiri asanapume, ndipo mpaka lero amalankhula pang'onopang'ono ngati pali wina akulemba zimene akunena. Anamupatsa mpando, anafunsa za odwala, anafunsa za Leticia kusukulu yake yogonera komweko.

"Bambo, ndabwera za nyumba."

"Nkhani imeneyo tinatha kale ndi mwamuna mnzanga."

"Lendi tinaphonyapo mwezi uti?"

"Palibe, mwana wanga. Pa lendi ndinu anthu abwino. Koma onani, nyumba ija tsopano ndi selofu, chimbudzi m'kati. Anthu a selofu ndi ena. Bambo anabwera dzulo uja ndi kalaliki wa kampani yogula thonje, akufuna kulowa pa wanu Disembala."

"Selofuyo anamanga ndani?"

"Pa dothi la yani?"

"Munavomera nokha. Munati mangani, nyumbayi ndi yanu yomwe."

"Amenewo ndi mawu olankhulana akhristu. Lilipo pepala limene tinalemberana?"

Rosina anamva makutu kutentha. Pepalalo analifunsa iye yemwe tsiku lolowa, zaka zinayi zapitazo. A Shawa anagwira pachifuwa n'kunena kuti mapepala ndi a anthu osakhulupirirana, ndipo Abednego anamuponda chala kuti akhale chete.

"Musadandaule," anapitiriza a Shawa. "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame salipira lendi, bambo."

A Shawa anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Mupite bwino. Mukapereke moni kwa odwala."

Mnzake wapamsika ndiye anamuuza kuti Lachitatu lililonse, m'kaofesi ka kuseri kwa tchalitchi mumakhala mayi wina wodziwa malamulo, wothandiza anthu ulere. Rosina anafika ofesi isanatsegulidwe. Mayiyo, dzina lake Hellen, anamvetsera nkhani yonse osadula, kenako anatseka cholembera.

"Choyamba, amayi, chotsani mantha a pepala. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu. Mwakhalamo zaka zinayi mukulipira, komboni yonse ikudziwa."

"Ndiye sangatitulutse?"

"Nyumba ndi yawo, tsiku lina angaifune. Koma pali njira yake. Akupatseni notisi yolembedwa, ya nthawi yokwanira kuti munthu apeze kwina, osati masabata awiri. Mukapanda kutuluka, wotulutsa munthu ndi khoti, osati mwininyumba ndi manja ake. Kutseka madzi, kuzula chitseko, kusasula denga, zonsezo lamulo limakana. Ngakhale kulowa kuja analowa osakudziwitsani, analakwa. Mukamalipira lendi, m'kati mwa nyumbamo ndi mwanu."

Rosina anapuma mpweya umene anaugwira chichokereni kwa a Shawa. "Lembani kalata, mayi. Ndikawapatsa ndekha m'manja."

"Pangano anapangana ndi yani?"

"Ndi amuna anga."

"Atauzidwa zotuluka anayankha chiyani?"

Rosina anayang'ana kudenga. "Anati chabwino bambo."

"Vuto lili pamenepo. A Shawa adzangoti tinagwirizana, akutuluka mwa kufuna kwawo. Amuna anu abwere anene ndi pakamwa pawo kuti sakuvomera, asaine kalata. Akatero ndili nanu mpaka kukhoti."

Kunyumba anamupeza Abednego akutsuka njinga. Anamufotokozera zonse mwachifatse, mawu ndi mawu, chifukwa anali atalumbira panjira kuti lero sakalipa.

"Mukufuna ndikasumire mkulu wa mpingo?" anafunsa Abednego.

"Ndikufuna mukanene mawu amodzi. Ayi."

"Anthu adzati chiyani? Lamulungu ndidzamupatsa bwanji dzanja la mtendere? Amake Leticia, nyumba ya mwini saotchera mbewa."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Tidekhe. Ndikawapepesa bwinobwino, mwina atiwonjezera mwezi."

"Muwapepese mwalakwa chiyani? Mwalakwa kumanga chimbudzi?"

Lumbiro lija linathera pomwepo, ndipo oyandikana nawo anamva zonse. Koma Abednego akakana sakweza mawu, amangokhala ngati thumba la mchenga. Ungamenye mpaka manja kutupa, ilo lili pomwepo.

Loweruka lake anadzuka n'kupeza mpope wapanja wamangidwa ndi tcheni ndi loko. Anamanga ndi Malcolm, mwana wamkulu wa a Shawa, bambo wa ndevu zake amene ntchito yake yodziwika ndi kuyendera nyumba za atate ake. Munthu wodwala ngati a Sesiliya amafuna madzi m'mawa, masana ndi madzulo: osamba, ochapira zofunda, othira m'chimbudzi. Rosina anaganiza kuti basi, apa ndiye mwamuna wake apsa mtima. Abednego anayang'ana loko uja, anamugwedeza pang'ono, n'kunena kuti ndi loko wotchipa, sachedwa kuchita dzimbiri. Kenako anamangirira zigubu pa njinga n'kupita kukatunga kwa mnzake ku Mchini.

Zimenezo zinali zochepa. Lachiwiri Rosina akubwera kumsika anamva kugogoda kuchokera patali. Atakweza maso anaona mwamuna wake ali padenga, misomali kukamwa.

"Mukutani kumeneko?"

Abednego analavulira misomali m'dzanja. "Lata ili linatukuka ndi mphepo. Mvula ikabwera lidontha."

"Lidonthera yani? Si mwavomera kuti tikutuluka? Mukukonzera bambo wa tayi kuti tayi yake isanyowe?"

"Nanga ndingolisiya chonchi?"

"Lisiyeni. Kamodzi kokha pa moyo wanu, onani chinthu chopindika n'kuchisiya. Chifundo chinapha nkhwali, atate ake Leticia."

Anamva, koma anatsika atakhoma msomali womaliza. Rosina analowa m'chipinda cha mayi ake n'kukhala pamphepete pa bedi, misozi ya ukali ikulengeza.

"Amayi, munandilola bwanji kukwatiwa ndi munthu wotere?"

"Unamusankha wekha," anatero a Sesiliya. "Unati ali ndi manja abwino."

Nyumba ina Rosina anafunafuna ndithu, asaname munthu kuti anangokhala. Anayenda komboni yonse ya Nabvutika, anayenda Magazine. Kumene kunali chimbudzi m'kati, mtengo wake unali wa anthu a tayi. Kumene akanatha, kunali masitepe, matope ndi chimbudzi chogawana. Mwezi unatha akadali momwemo.

Pa wanu Disembala m'mawa, a Shawa anafika ndi Malcolm atakoka ngolo yamanja. Sanakalipe. Anapereka moni kwa onse, anafunsa za odwala, kenako anati popeza nthawi yakwana ndipo anthu sanatuluke, iwo angotenga zitseko zawo.

"Zitseko zanu?" anatero Rosina. "Matabwa ake anagula ndani? Anapala ndani?"

"Chokhomedwa pa nyumba ndi cha nyumba, mwana wanga."

"Lamulo likukana zimenezi. Ndinafunsa."

"Mwamuna mnzanga sanakane."

Rosina anatembenukira kwa mwamuna wake. Abednego anali chilili pafupi ndi mpope wokhoma uja, manja kumbuyo. Malcolm analowetsa chitsulo chozulira misomali pakati pa chitseko chakunja ndi felemu n'kuyamba kukanula. Thabwa linalira. Pulasitala anayamba kugwa. Nkhope ya Abednego inakwinyika ngati akumuzula dzino.

"Osatero," anatero.

Rosina anasendera pafupi. Wanena. Mulungu wamva.

"Osatero, muthyola felemu. Mahinjesi amenewo ndi a masikulu, samazula. Dikirani."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chomasulira masikulu. Abale inu, anamupatsa Malcolm m'manja, n'kumusonyeza poyambira. Malcolm atalephera, anamasula yekha masikulu awiri apamwamba. Chitseko chakunja chinatsika bwinobwino chopanda kachilema, ndipo cha chipinda cha a Sesiliya chinatsatira, Abednego atafulatira kuti asaone m'kati. Anathandizanso kuyala thumba pangolo kuti mlombwa usakandike.

Rosina sanakalipe. Ngolo itakhota pakona, anangoti, "Mukanawaperekeza, mwina kwawo kulinso chopindika."

Tsoka lake, khomo la chipinda cha a Sesiliya linayang'anizana ndi khomo lakunja, ndipo khomo lakunja linayang'ana kumsewu. Munthu wodutsa akangotembenuza khosi ankaona mpaka pabedi. Rosina anakoloweka chitenje pamakomo onse awiri, koma linali tsiku la mphepo ija yotsogolera mvula, ndipo zitenjezo zinkangouluka. Wogulitsa makala anaima n'kusuzumira. Amayi awiri ochokera kuchigayo anachepetsa liwiro.

Chakumasana mitambo inada kumapiri. Rosina anathamangira kwa mnzake kukabwereka mphasa zoti atchinge. Pobwerera, mvula itayamba kuwaza, anaona ana a sukulu ataunjikana pamsewu moyang'ana nyumba yake. Abednego anali pakhonde atafulatira khomo, akuwathamangitsa ndi dzanja limodzi, kwinaku akuitana mayi woyandikana naye amene sanali pakhomo.

"Apongozi agwa," anatero atamuona. "Ndamva kugwa. Fulumirani."

Rosina anataya mphasa. Mayi ake anali pansi pakati pa bedi ndi khomo la chimbudzi. Anafuna kudzikoka okha kuti atseke chitenje chimene mphepo inachotsa, ndiye mwendo unawakana. Chofunda chinali chitatsalira pabedi. Rosina anawaphimba msangamsanga, anawagwira m'khwapa n'kuyesa kukweza. Anayesa kawiri. A Sesiliya ndi munthu wathupi, ndipo mbali yakufa imalemera kuposa yamoyo. Masiku onse ankawanyamula awiri ndi mayi woyandikana naye uja.

"Agona pansi nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mokuwa.

"Sindinathe kulowa," anayankha Abednego ali chifulatire. "Mukudziwa kuti sindingathe."

Apo ndi pamene a Sesiliya analankhula, osati kwa mwana wawo ayi.

"Apongozi."

Abednego ananjuta pakhonde pomwepo n'kuomba m'manja. "Wawa."

"Lekani kuomba m'manja. Tembenukani."

"Amayi, mwambo..."

"Ndati tembenukani mundione." Lilime linkalemera, koma mawu aliwonse anamveka. "Bambo wa tayi anandiona. Wamakala wandiona. Ana a sukulu awo andiona, mpaka mmene ndinabadwira. M'Kapata monse muno mwatsala inu nokha. Ndiye onani."

Abednego anatembenuka pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya mayi amene anamuberekera mkazi, pakamwa popotokera mbali imodzi, tsaya lili pa simenti imene anaisalaza yekha.

"Zaka zonsezi mwandilemekeza, sindikana," anatero a Sesiliya. "Munandimangira chimbudzi, mwana wanga wobala sakanatha. Koma ulemu wanu ndi ine unali chitseko chija. Mwamasula nokha n'kupatsa eni. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Sankhani woti muzimuopa, a Shawa kapena ine. Tsopano ndinyamuleni, pansi pakuzizira."

Abednego anavula nsapato pakhomo, sindikudziwa chifukwa chake. Analowa, anagwada, analowetsa mikono pansi pa apongozi ake n'kuwakweza yekha mpaka pabedi. Anawafunditsa bulangete. Kenako anatuluka n'kukaima pamvula, ndipo Rosina anamusiya aime.

Mphasa zija Abednego anazikhoma pamakomo madzulo omwewo. Lachitatu m'mawa Rosina podzuka anamupeza wavala kale malaya a kutchalitchi.

"Ofesi ija amatsegula nthawi yanji?" anafunsa.

Mayi Hellen analemba kalata, Abednego anasaina, ndipo kalatayo inanena poyera kuti zitseko ndi madzi zikapanda kubwerera, nkhani ipita kukhoti la majisitireti. A Shawa khoti sanalifune. Munthu wowerenga mawu kutsogolo kwa mpingo akaimirire m'bokosi chifukwa cha chitseko cha wodwala? Lachisanu, tsiku limene mayi Hellen anawaitana, anabwera kuofesi, atavala jekete, Malcolm ali pambuyo.

"Mayi, apa palibe mlandu," anayamba a Shawa. "Awa ndi ana anga. Mwamuna mnzangayu anavomera kutuluka. Zitseko anamasula yekha ndi chida chake. Ndikunama, a Chulu?"

Rosina anayang'ana mwamuna wake. Anaona manja ake akufinya chipewa, ndipo anadziwa kuti chabwino bambo ali pakhosi, akungodikira kutuluka.

"Simukunama, bambo," anatero Abednego. "Ndinavomera. Ndinamasula."

"Mwamva, mayi?"

"Sindinathe. Ndinavomera chifukwa cha ulemu, poti ndinu atate athu mumpingo. Ulemu womwewo wagoneka apongozi anga pansi, ana a sukulu akuonerera. Ine ndawanyamula ndi manja angawa, chinthu chimene kwathu sichichitika. Ndiye lero ndakana. Sitituluka mwezi uno. Mukafuna nyumba yanu, lembani pepala monga lamulo likunenera."

"A Chulu, mapepala pakati pa ine ndi inu?"

"Eya, bambo. Munati ndi a anthu osakhulupirirana. Ndiye lembani."

A Shawa anavula magalasi, koma ulendo uno anachedwa kuwavala. Anayesa kunena za bambo wa thonje amene anali atamulonjeza kale. Mayi Hellen anawayankha mwaulemu kuti lonjezo limenelo ndi lawo, silikhudza anthu amene ali m'nyumba. Anakambirana mpaka dzuwa kufika pamutu. Pomaliza zinalembedwa: zitseko zibwerere tsiku lomwelo, loko achoke pampope, mwininyumba asalowe osadziwitsa, ndipo banjali likhale mpaka kumapeto kwa Meyi, mvula itatha, kuti lipeze malo oyenera wodwala.

Sikunali kupambana kwenikweni. Nyumba adzatulukamo ndithu, chimbudzi chidzatsalira wa tayi wina. Lamulungu lake a Shawa anapereka dzanja la mtendere kumanzere ndi kumanja, n'kumudumpha Abednego, ndipo ena a mumphakati anayamba kunong'ona kuti a Chulu akula mtima. Koma a Sesiliya anagona mvula yonse ya Disembala pouma, ndipo kwa Rosina zimenezo zinakwanira.

Zitseko anabweza ndi Malcolm, yekha, mokwiya. Chakunja chinakhala bwino mwamwayi. Cha a Sesiliya anachipachika chopendekera, hinjesi yapamwamba ili ndi sikulu imodzi, moti potsegula chinkakhula pansi ndi phokoso lopweteka mano, ndipo potseka umayenera kuchinyamula pang'ono ndi bondo. Rosina atachiona anaseka chamumtima. Anadziwa kuti dzuwa lisanalowe mwamuna wake atulutsa zida.

Dzuwa linalowa. Sabata inatha. M'mawa uliwonse Abednego ankagogoda, kunyamula chitsekocho ndi bondo, kulowa n'kupereka moni kwa apongozi ake maso ndi maso, popeza chimene chinaoneka sichibisikanso. Potuluka ankachinyamulanso n'kutseka. Pa simenti yosalala ija panayamba kuoneka mzere wokhota pomwe thabwa linkadutsa. M'khichini munatuluka kamng'alu pamwamba pa windo, iye ankadutsa pomwepo osaima.

Sabata yachitatu Rosina anatopa nalo phokosolo. Anatenga chomasulira masikulu m'chikwama cha zida n'kuchiika patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi ya mwamuna wake.

"Tangokonzani chitsekochi. Ndi ntchito ya mphindi zisanu."

Abednego anayang'ana chidacho. Zala zake zinasuntha pang'ono patebulo, kenako anazibweza n'kugwira kapu.

"Chikutsekeka," anatero. "Apongozi sakuoneka."

"Koma chapindika."

"Ndachiona. Ndi nyumba ya eni, amake Leticia."

Zaka zonsezi Rosina ankafuna kumva mawu amenewo. Anawapempha ku Mchini, anawapempha ku Magazine, anawakuwira munthu ali padenga. Lero atawamva sanakondwe ngakhale pang'ono. Chinamugwira ndi chisoni, ndi mkwiyo wina watsopano umene sanadziwe kuti akautula kwa yani. A Shawa anabweza zitseko zonse ziwiri, koma munthu wa manja oyabwa uja, amene iye anamusankha yekha, sanabwerere nazo.

Anatenga chida chija n'kukachibweza m'chikwama. Abednego anamaliza tiyi, anapukuta pakamwa, n'kupita kukalawira apongozi ake kuti akupita kuntchito. Rosina ali kukhichini anamva chitseko chikukhula pansi.